Kapampu ka Mkuwa ndi Bokosi la ku Walale

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa ku Nyimba pali madala ena amene akangondiona amayamba kupopa m'malere, ngati munthu wopopa njinga yosaoneka, n'kumaseka mpaka kutsokomola. Ine ndimaseka nawo, nanga n'kutani. Koma nkhani amasekayo amangoidziwa theka. Theka linalo ndi limene limandikhala pakhosi, ndipo lero ndati ndilifotokoze lonse, kuti mukaseka museke mukudziwa chimene mukuseka.

Zinachitika m'zaka za Chitaganya, nthawi imene munthu wakuda akakhala ndi galimoto ana ankamuthamangira mpaka kumalire a mudzi. Ine ndinali ndi yanga, vaneti yakale imene ndinagula kwa mzungu wina wolima fodya amene ankabwerera kwawo. Kuitchula kuti galimoto n'kuilemekeza chabe. Chitseko chimodzi chinkatsekedwa ndi waya, injini inkadzuka ndi handulo (ikafuna), ndipo paipi ya petulo inkadontha, moti ndinkaimata ndi sopo n'kuikulunga ndi mphira ya chubu. Komabe inkayenda. Ndinkanyamula mtedza, umene kuno timati nsawa, zitini za palafini za m'magolosale, odwala, akwati ndi mbuzi zawo, kuchokera kwathu ku Luembe kupita ku Nyimba mpaka ku boma la Petauke. Ife kwathu kwenikweni ndi cha ku Katete, koma makolo anasamukira ku Luembe kufuna minda ine ndili wamng'ono.

Tsiku lina wapolisi anandiimitsa pamsewu waukulu, n'kuizungulira galimoto ija akupukusa mutu. Anati zina zonse azitsinzinira, koma galimoto yonyamula anthu iyenera kukhala ndi chozimira moto, ndipo akadzandipezanso ndilibe ndidzayenda pansi. Loweruka lotsatira ndinapita kusitolo ya Mmwenye wina ku Petauke, pamodzi ndi akazi anga, amake Esinati.

Mmwenye uja anatulutsa mitundu iwiri n'kuika pakauntala. Choyamba chinali chachikulu, chofiira, cholemera ngati thumba la mchere, ndipo chinalibe maonekedwe ngakhale pang'ono. Anati chimenecho moto ukabuka umachitembenuza chadodolido, chimalavula thovu lonse kamodzi n'kamodzi, basi chatha. Chachiwiri kanali kapampu ka mkuwa, kotalika ngati mkono wa munthu, konyezimira moti ndinadziona nkhope. Kameneko umapopa ngati pampu ya njinga, kamatulutsa mankhwala onga madzi, ndipo ukaleka kupopa kamaleka.

"Tengani chachikulucho, atate a Esinati," anatero akazi anga. "Moto suzima na supuni."

"Chimenecho n'chiike poti? Anthu aziti nanyamula mgolo wa mowa."

"Aziti mwanyamula mgolo, inu muli moyo."

Ine mtima unali utapita kale. Ndinkaganiza za mmene kapampu kaja kadzaonekere nditakakoloweka pafupi ndi chiwongolero, dzuwa likukawomba, okwera akufunsa kuti kodi ndi chiyani. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma tsiku limenelo ine ndinali ndi njala ya nkhuyu. Ndinatenga ka mkuwa.

Pakhonde la sitoloyo, pafupi ndi telala, panakhala a Mwanza, dalaivala wa lole yonyamula nsawa, munthu wodziwa chilichonse kupatula kukhala chete. Atakaona kapampu kaja anadumpha.

"Mwagula bwino, bambo! Koma mudziwa nchito yake yeniyeni? Bweletsani mkono."

Pamkono wa jekete langa panali banga la girisi limene amake Esinati analilephera ndi sopo, phulusa ndi mandimu. A Mwanza anapopa kamodzi, n'kupukuta ndi kansanza. Banga lija linazimiririka ine ndikuona. Fungo lake linali lokoma mwachilendo, lozunguza mutu pang'ono, ndipo posakhalitsa nsalu inali itauma.

"Madalaivala onse a ku Lusaka ndiye sopo wao uyu," anatero a Mwanza. "Moto ubwela kamodzi pa moyo, koma gilisi ni tsiku na tsiku."

(Ndikanakhala wanzeru ndikanawapempha kuti zimenezi zithere pakhonde pomwepo. M'malo mwake ndinaitana telala kuti naye aone.)

Nkhani inafika ku Luembe ine ndisanafike. Loweruka lililonse masana pakhomo panga pankakhala ngati pachipatala, koma odwala ake anali majekete. Kunkabwera aphunzitsi, amesenjala a kuboma, akulu a mpingo, anyamata obwera ku migodi amene suti zawo zinali zitayamba kuiwala tauni. Aliyense ankati, "Kadontho chabe, bambo." Kwathu kuno munthu sukana mnzako kadontho. Ukakana, mawa ndiwe waumbombo, ndipo maliro akakugwera udzakumba wekha. Ndiponso, ndisaname, zinkandikomera. Ndinkakhala pampando, majekete atandandalika pamphasa, ine n'kumapopa mwaulemu ngati dokotala wobaya jekeseni. Mkulu wina anatulukira kuti mankhwalawo amapha nsikidzi, ndiye kunayambanso kubwera mabedi. Mayi wina anapempha kuti ndimupopere padzino lobooka. Ameneyo ndinamukaniza, ndipo pankhani yonseyi ndi pokhapo pamene ndinachita zanzeru.

Kenaka kunabwera a Daka, mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzi mwathu, Mnsenga wofatsa, waulemu mpaka kupepesa nkhuku akaiponda. Ankakwatira mawa lake. Anafika chipewa chili m'manja.

"Bambo, nibwelekeniko kapampu kanu. Mailo ni ukwati. Lomba newo ningaimilile tyani m'chalichi na suti ya madontho? Na anzangu onipelekeza ali chimodzimodzi."

Ine ndinali ndi ulendo wa ku Petauke tsiku lomwelo, ndipo sindikanatha kukhala pansi n'kupopera gulu lonse la ukwati. Ndinakachotsa pokoloweka paja n'kuwapatsa, ndikumva kuti kapepuka ndithu, moti mankhwala ankangoti chuku pansi penipeni. Ndinaganiza zoti ndikadzapitanso kwa Mmwenye ndidzakadzazitse. Ulendo umenewo ndinayenda wopanda chozimira moto, ndipo palibe chinapsa.

Nditabwerako ndinapeza kapampu katabwezedwa, katakulungidwa m'kansalu koyera, pambali pali kadengu ka mazira. Nditakagwedeza ndinamva khuchu khuchu, kodzaza mpaka kukhosi. Kodi mukuganiza kuti ndinadabwa n'kufunsa? Ayi. Ndinauza amake Esinati kuti zinthu za azungu n'zodabwitsa, mankhwala ake akapuma amafufuma. Iwo anangondiyang'ana ngati mmene amayang'anira mwana akamafotokoza maloto. Ndinakakoloweka pamalo pake, ndipo popeza inali nyengo yokolola nsawa, majekete anayamba apuma.

Tsono ndikuuzeni zimene ine ndinadzamva pambuyo pake, zinthu zitaonongeka kale. Kwathu kuno chiwiya cha mnzako sichibwerera chopanda kanthu. Ukabwereka mbale ya mchere umaibweza muli nsawa, ukabwereka mtsuko umaubweza muli madzi. Gulu la ukwati lija linapopa mpaka kapampu kanayamba kutulutsa mpweya wokhawokha, ndipo a Daka anagwidwa ndi manyazi aakulu. Anafufuza n'kupeza pothirira, anatsegula ndi mpeni, n'kudzifunsa kuti kodi ndi chiyani china chimene chimachotsa girisi pansalu. Anathiramo palafini wa munyali yawo, wabwino, wosefa ndi kansalu. Musawaseke kwambiri. M'mudzi monse munalibe munthu amene anakaonapo kapampu kaja kakuzima moto, ndipo a Daka ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi makina ochapira majekete. Fungo la palafini sindinalimve, chifukwa galimoto yanga yonse, ndi ine ndemwe, tinkanunkha palafini chaka chonse.

Apa ndiye pakulowa akulu anga, a Jailosi. Anachoka kwathu ine ndikuweta mbuzi, kupita ku Walale, mzinda waukulu wa kutali kum'mwera, kukafuna ntchito, n'kuchona. Zaka zinadutsa, abambo anamwalira, mkazi amene anamusiya anatopa n'kukwatiwa kwina. Amene sanatope anali amayi. Munthu aliyense wochokera kum'mwera, kaya amamudziwa kaya ayi, ankamupatsa madzi akumwa n'kumufunsa ngati anakumanako ndi mwana wawo wamtali wa mpata kumano.

Kwa amene simunakhaleko masiku amenewo, mchona sankalowa m'mudzi manja lendelende. Ankabwera ndi bokosi, ndipo bokosilo linkatsegulidwa pamphasa abale onse atazungulira: bulangeti la amayi, chikhoti cha amalume, nsalu za alongo, sopo ndi mchere wa anansi. Wobwera wopanda kanthu akazi a m'mudzi ankamuimba pamtondo mpaka dzina lake lenileni kuiwalika. Ambiri amene sanabwerere kwawo sanali oiwala kwawo ayi, ankangodikira kuti bokosi lidzaze.

Chaka chimenecho mnansi wathu wina wochokera ku Walale anabwera ndi uthenga wakuti a Jailosi akubwera mwezi ukatha. Amayi anasanduka mtsikana. Anafoletsa kanyumba kamene kanali pambali pa yawo, anazira pansi okha ndi manja awo okalamba, anaviika chimera cha thobwa, ndipo ankasesa njira yolowera m'mudzi ngati kukubwera bwanamkubwa. Ine ndinkapita ku Nyimba tsiku lililonse la basi ya ku Lusaka, mpaka amayi ogulitsa nthochi anayamba kundifunsa ngati ndikudikira mkazi wachiwiri.

Tsiku limene anafika sindinawazindikire. Ndinkayang'ana munthu wamtali, koma m'basi munatsika kankhalamba kowerama, ka imvi, kovala chikhoti chachikulu kuposa thupi. Mpata wa kumano uja unali utakula mpaka kutenga mano ena. Iwo ndiwo anandizindikira.

"Ndiwe? Makutu a atate awo. Wakula, mphwanga."

"Akulu, mwafika."

"Amai alipo?"

"Alipo. Akudikilani, njila asesa mpaka yachita dazi."

Sanaseke. Anatembenukira padenga la basi pamene ankatsitsa bokosi lawo, lachitsulo, lakuda, lojambulidwa maluwa, lokhala ndi loko wamkulu. Atalitsitsa anaika dzanja pamwamba pake ndipo sanalichotsenso. Tikumwa tiyi pansi pa mtengo anandiuza kuti bokosilo analidzaza n'kulikhuthula, kulidzazanso n'kulikhuthulanso. Nthawi ina anadwala chifuwa n'kugulitsa zonse, nthawi ina ntchito inatha, nthawi ina akuba anawalowera. Ulendo uno linali litadzaza mpaka kuchita kukhalira chivundikiro kuti chitsekeke.

"Muli bulangeti la amai, lija lolemela la mizele," anatero motsitsa mawu. "Na nsapato. Sanavalepo nsapato amai. Saizi nachita kuganizila, phazi lao nilikumbukila."

Ine pofuna kuonetsa kuti kumudzi nakonso kuli anthu odziwa ntchito, ndinayala udzu wouma kumbuyo kwa vaneti kuti bokosi lisakandike. Ndinaliika pakati pa zitini za palafini za golosale ya ku Luembe, ndinalimanga ndi chingwe cha khonje mfundo pamwamba pa mfundo, n'kuwonjezera waya amene ndinamupota ndi pulayala. Ndinawauza kuti ngakhale galimoto itagubuduzika, bokosi ili silingachoke. (Pa zonse zimene ndinalonjeza pamoyo wanga, chimenechi ndiye chinakwaniritsidwa ndendende.)

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo, nyenje zikulira m'tchire monse. Tinasiya msewu waukulu n'kulowa wa ku Luembe, wa miyala ndi mabampu. Akulu anga ankayang'ana pawindo n'kumatchula mitsinje ndi mapiri mayina ake, ena molondola, ena mosokoneza. Anafunsa za anzawo akale, ndipo ambiri ndinayankha kuti anatisiya. Anaona kapampu kaja n'kufunsa kuti ndi ka chiyani, ine n'kuwafotokozera monyadira mpaka kuiwala kusintha giya.

Titawoloka kamtsinje kouma kamene kali pafupi ndi kwathu, pachitunda chomaliza, injini inatsokomola kawiri. Kenaka ndinaona utsi ukutuluka m'mbali mwa boneti. Sopo uja anali atasungunuka ndi kutentha, petulo n'kumadonthera painjini. Ndinaimitsa, tonse n'kutsika. Akulu anga anathamangira kumbuyo n'kuyamba kumasula chingwe.

"Lekani, akulu!" ndinakuwa. "Musavutike na mfundo zanga. Imani apo muone mmene tizimila moto masiku ano."

Anazengereza, dzanja lili pachingwe. Ndinawakankhira pambali mwaulemu, ndipo anandimvera, poti galimoto inali yanga ndipo ndinkaoneka wodziwa chimene ndikuchita. Ndinavula jekete, ndinalipinda bwinobwino n'kuliika pamwala. Ndinatenga kapampu, ndinatsegula boneti ndi mtengo. Moto wake unali wochepa, woti n'kuwotchera chimanga chimodzi. Ndikanauphimba ndi thumba, kapena kuuwaza dothi la m'manja awiri, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma ine ndinaima ngati msilikali, ndinaloza, n'kupopa ndi mphamvu zanga zonse.

Moto uja unati phuu! mpaka kundipitirira msinkhu. Nsidze zanga zinapita nthawi yomweyo, ndipo ya kumanzere sinamerenso bwino mpaka lero.

Munthu wanzeru akanaleka pomwepo. Ine ndinakumbukira kuti mankhwala amphamvu amayamba autsa matenda asanachiritse, ndiye ndinati ndiwonjezere. Ndinapopa painjini, ndinapopa pamawaya, ndinapopa ngakhale pampando pamene moto unali usanafike, kuti ndiutsekereze. Kulikonse kumene ndaloza, moto unkatsatira ngati galu woitanidwa.

"Iwe, leka! Ni palafini uyo!" anakuwa akulu anga. "Sukumva fungo?"

Pamene ndinkakataya pansi kapampu kaja n'kuti kutsogolo konse kuli lawilawi, ndipo mphepo inkakankhira moto kumbuyo. Akulu anga anakwera n'kugwira mfundo zija. Zinali mfundo zabwino, ndanena kale. Chingwe anachidula ndi mano ndi mwala, koma waya uja ankafuna pulayala, ndipo pulayala inali pansi pa mpando umene ine ndinali nditauthira palafini. Ndinathyola nthambi n'kumamenya moto, iwo anavula chikhoti chawo n'kumamenya udzu umene ndinayala pansi pa bokosi. Chikhoti chinagwira moto. Anakoka bokosi ndi manja, chitsulo chikutentha, ine ndikukankha ndi nthambi mbali inayo, koma silinasunthe. Chitini choyamba cha palafini chitaphulika, tonse tinapezeka tili pansi m'fumbi.

Zotsalazo tinangoonerera titakhala pamwala. Matayala anaphulika limodzi limodzi, utsi wakuda unakwera mpaka kuoneka kutali. Ine ndinkalira galimoto yanga mokweza, kutchula ngakhale batire limene ndinali nditangogula. Akulu anga anakhala manja atawatambasula pamaondo, zikhatho zili matuza okhaokha, maso ali pabokosi. Moto utazilala, chivundikiro chinali chitapindika n'kutseguka chokha. Tinasuzumira. Bulangeti lija linali lopindidwa bwinobwino monga analiikira, mizere yake ikuoneka, koma nditalikhudza ndi kamtengo linangoti phwa, phulusa. Nsapato zinali zitakwinyika ngati nsomba zouma.

Anthu a m'midzi yapafupi anafika akuthamanga, ena ndi makasu, ena ndi mitsuko. Onse ankandidziwa ine, ndipo atamva za palafini ena anayamba kubisa nkhope kumbuyo kwa anzawo. Akulu anga panalibe amene anawazindikira. Mkulu wina wa Chinsenga, amene kale ankasaka nawo mbewa ali anyamata, anawayang'ana n'kundifunsa.

"Lomba aŵa alendo ni a kuni? Apya manja, mwe."

Ndisanatsegule pakamwa, akulu anga anatsitsa chipewa kumaso n'kuyankha okha.

"Ndine wapaulendo chabe, bambo. N'nali kupita kwa Nyalugwe."

Mayi wina anawamanga manja ndi masamba ndi nsanza, iwo n'kuthokoza ngati mlendo. Anthu atayamba kubalalika anandikokera pambali. Pamene tinaima tinkamva mitondo ya m'mudzi mwathu kuseri kwa chitunda, ndipo nsonga ya mtengo wa mbula umene uli pakhomo pa amayi inkaoneka.

"Ukauze amai kuti basi inanisiya," anatero. "Uziti nibwela chaka chamawa, akakolola."

"Akulu, tafika kale. Ni apa chabe."

"Nikalowe na chiyani? Zaka zonsezi, nikalowe na matuza? Akazi akaniimbe pamtondo amai akumva?"

"Nizagula bulangeti lina, akulu. Mlandu ni wanga."

"Ugula na chiyani? Galimoto yako ni iyo." Anayang'ana chitunda chija nthawi yaitali. "Usadandaule, mphwanga. Kudzaza bokosi nizolowela."

Apa ndiye pamene ndimadzida. Manyazi a palafini anali atanditseka pakamwa, ndipo ndinkaona ngati munthu amene wawotcha katundu wa mnzake alibe mphamvu yomuuza chochita. Ndinatola jekete langa pamwala paja, loyera lopanda banga ngakhale limodzi, n'kuwaveka, popeza chikhoti chawo chinali chitapsa. Munthu wina wa njinga amene ankapita ku Nyimba anavomera kuwakweza. Ndinaima pamsewu ndikuwaona akutsetsereka, manja omangidwa aja atawakweza m'mwamba kuti asagunde chishalo.

Ndinafika kumudzi dzuwa litapendeka, wakuda ngati mphika, wopanda nsidze. Amayi anali atakhala pakhonde la kanyumba kaja atavala nsalu yawo ya kutchalitchi, ndipo azakhali ndi anansi anali pafupi, okonzeka kululutira. Utsi anali atauona, ndipo mbiri ya galimoto inali itafika kale. Amayi anandigwira kumaso, anandiyang'ana m'manja, n'kuthokoza Mulungu kuti ndili moyo. Kenaka anayang'ana kunjira.

"Basi inabwela?"

"Inabwela, amai."

"Nanga iye?"

Bodza ndinali nditalikonza njira yonse, koma sindinathe kulinena. Ndinakhala pansi pafumbi n'kunena zonse: bokosi, bulangeti, nsapato, waya, palafini, njinga. Pa palafini panalibe amene anaseka. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo.

"Anafika pachitunda apo?"

"Inde, amai."

"Anaona mtengo wa mbula?"

"Anauona."

"Iwe n'kumuleka apite chifukwa cha bulangeti?" Mawu awo sanakwere. "Ine uja n'namubala alibe bokosi. Anabwela wamaliseche, ndipo n'namulandila."

Anadzuka n'kuyamba kuyenda kulowera ku Nyimba, opanda nsapato, nsalu ya kutchalitchi ikukwekwereza m'fumbi. Azakhali anachita kuwagwira. Ine ndinabwereka njinga ya a Daka (anandipatsa akulira, atamva za palafini wawo) n'kupalasa ngati wamisala. Nditafika ku Nyimba amayi a nthochi anandiuza kuti munthu womanga manja wakwera lole ya nsawa yopita ku Lusaka, ndipo fumbi lake linali litatha kale.

Chaka chamawa chija chinafika, anthu anakolola, koma a Jailosi sanabwere. Obwera ku Walale ankatiuza kuti awaona, ali bwino, manja anapola, akuti bokosi latsala pang'ono. Tinkatumiza mawu kuti abwere mmene alilimo, iwo n'kuyankha kuti amva, abwera. Amayi ankafoletsa kanyumba kaja dzinja lililonse likamayandikira. Anamwalira chaka chimene Chitaganya chinatha, ndipo kanyumbako kanagwa kokha mvula yotsatira. Za akulu anga tinadzamva mochedwa kuti anaikidwa kumeneko ndi anzawo a kuntchito.

Galimoto ina ndinadzagula patapita zaka, ndipo mukandifunsa za chozimira moto ndikuuzani mosazengereza. Gulani chonyansa, cholemera, chimene palibe angachisirire kapena kuchibwereka, ndipo wina akachigwira muzinunkhiza. Zimenezi ndimauza dalaivala aliyense, ngakhale amene sanandifunse, mpaka ena amandithawa. Koma nzeru imeneyi ndi yotchipa, ndipo si imene inkafunika pachitunda paja. Moto unali utazima kale, manja anga onse awiri anali abwinobwino, akulu anga anaima pafupi ngati apa ndi apo, ndipo kwathu kunali kuseri kwa chitunda. Ndikanangowagwira pamkono n'kuwakokera kwa amayi.